Azakhali anu asathamangire LOOP, ayambe awerengera

Achemwali, funso lanu ndaliwerenga kawiri. Mwati azakhali anu ali ndi zaka 67, ndi amasiye, akhala m'nyumba yawo ku Southwest Philadelphia kuyambira 2009, ndipo kalata yafika yonena kuti nyumba yomwe mzinda unkaiika pa madola 120,000 tsopano ili pa 200,000. Mwatinso sanalembetsepo chithandizo chilichonse cha msonkho, koma wina kutchalitchi wawauza kuti alembetse LOOP, dongosolo la mzinda lochepetsera msonkho wa nyumba kwa eni nyumba okhalitsa. Ine ndikuti adikire kaye. LOOP ndi yabwino, koma pa ziwerengero mwaperekazi iwadyera ndalama.

Msonkho wa nyumba ku Philadelphia ndi 1.3998 peresenti ya mtengo umene ofesi ya Office of Property Assessment yaika pa nyumbayo, kutanthauza pafupifupi madola 14 pa madola 1,000 aliwonse. Ndalamazi amagawana a mzinda ndi a masukulu a boma. Tsiku lomaliza kulipira ndi 31 March. Azakhali akangokhala chete, pa 200,000 adzalipira madola pafupifupi 2,800 pachaka, pomwe kale ankalipira 1,680.

LOOP ndi chidule cha Longtime Owner Occupants Program. Inayamba mu 2014, nthawi ya meya Michael Nutter, mzinda utawerengeranso mitengo ya nyumba zonse n'kupeza kuti m'madera ngati Point Breeze, momwe anthu andalama anali atayamba kulowamo, agogo omwe anakhalamo zaka makumimakumi ayamba kulandira mabilu oti sangawakwanitse. Kuti munthu alowemo ayenera kukhala atakhala m'nyumba yakeyo zaka 10 kapena kuposera, mtengo wa nyumba ukhale utakwera ndi 50 peresenti m'chaka chimodzi kapena 75 peresenti m'zaka zisanu, ndalama zomwe banja limapeza zisapitirire malire omwe amatengera kuchuluka kwa anthu pakhomopo, komanso asakhale ndi ngongole ya msonkho yomwe sanagwirizane ndi mzinda za kabwezedwe kake. Akalowa chifukwa cha kukwera kwa chaka chimodzi, msonkho amauwerengera pa mtengo wakale kuwonjezapo theka lake basi, ndipo umaima pomwepo. Kwa azakhali ndiye kuti 180,000, msonkho wake madola 2,520.

Tsono onani Homestead Exemption. Iyi safunsa zaka za munthu, safunsanso ndalama zomwe amapeza. Chofunika n'chakuti nyumbayo ikhale yanu ndipo muzikhalamo. Kuyambira chaka cha 2025 amachotsa madola 100,000 pa mtengo wa nyumba asanawerengere msonkho (mu 2023 ankachotsa 80,000). Ya azakhali itsala pa 100,000, msonkho wake madola 1,400. Kusiyana kwake ndi LOOP ndi madola 1,120 chaka chilichonse, ndipo lamulo sililola kukhala ndi ziwiri zonsezi nthawi imodzi. Anthu ambiri amakopeka ndi dzina, poti likunena za okhalitsa, osagwira cholembera. LOOP imapambana pomwe mtengo wadumpha moopsa: nyumba ya 60,000 ikafika pa 250,000, LOOP imaiimitsa pa 90,000, pomwe Homestead imaisiya pa 150,000. Pa webusayiti ya mzinda pali kachipangizo koyerekezera ziwirizi, lowetsani ziwerengero za pakalatapo muone nokha.

Chimene ndikufuna muchigwiritsitse kwambiri ndi ichi. Azakhali adutsa zaka 65, choncho ngati ndalama zawo zapachaka sizipitirira madola 33,500 (kwa okwatirana ndi 41,500), akhoza kulembetsa Senior Citizen Real Estate Tax Freeze. Iyi imaimitsa bilu yeniyeniyo, moti ngakhale mtengo wa nyumba ukwerenso, iwo azilipira yomweyo. Ndipo iyi amalola kuiphatikiza ndi Homestead. Kwa mayi wodalira Social Security (penshoni ya boma), kudziwa kuti chaka chamawa bilu sisintha n'chinthu chachikulu. Fomu yake imafunika ifike pofika 30 September, monganso ya LOOP. Ya Homestead ndi 1 December, koma musadikire mpaka pamenepo. Ena owerenga pano amene simunafike zaka 65, kuyambira 2025 kulinso chithandizo chofanana ndi ichi cha opeza zochepa, malire a ndalama ndi omwewa.

Pali funso lomwe simunafunse koma likundidetsa nkhawa: pa chikalata cha umwini wa nyumbayo pali dzina la ndani? Ngati pali la malemu amuna awo okha, ndiye kuti pamaso pa malamulo nyumbayo sinafike m'manja mwa azakhali, ngakhale akhalemo zaka zonsezi n'kumalipira chilichonse. Kuno vuto limeneli amalitcha tangled title, ndipo a Pew Charitable Trusts atafufuza mu 2021 anapeza nyumba zoposa 10,000 mu mzinda uno zili m'mavuto amenewa. Ife timazolowera kuti pamudzi aliyense amadziwa kuti nyumba iyi ndi ya uje, abale ndi anansi ndiwo mboni. Kuno mboni ndi pepala. Komanso ambiri mwa ife timaona ngati kukhudza mapepala a malemu n'kuthamangira chuma, ndiye zaka zimangopita. Chonde kambani nawo mwaulemu, muone chikalatacho ndi maso anu. Ngati dzina lawo palibe, a Community Legal Services ndi a Philadelphia VIP amathandiza anthu opeza zochepa pa nkhani zotere popanda kuwalipiritsa za maloya.

Ngati pali ngongole ya zaka zam'mbuyo, asabise makalata pansi pa matilesi. Kuli dongosolo lotchedwa OOPA la eni nyumba okhalamo, lomwe munthu amalipira mwezi ndi mwezi molingana ndi zomwe amapeza, ndipo kwa ovutikitsitsa ndalama ya pamwezi imatha kukhala ziro. Bola akutsatira mgwirizanowo, nyumba siipita ku okushoni ya sherifu.

Mtengo wa 200,000 nawonso akhoza kuutsutsa ngati akuona kuti ndi wokwera mopitirira, makamaka ngati denga likudontha kapena nyumba zofanana nayo mumsewu womwewo zagulitsidwa motsika. Apilo imapita ku Board of Revision of Taxes pofika Lolemba loyamba la October. Ajambule zithunzi za malo owonongekawo.

Za anthu omwe mwati akumagogoda pakhomo ndi kutumiza timakalata toti tigula nyumba yanu pompopompo: asasaine kanthu kalikonse. Anthu amenewa amadziwa kuti kalata ya msonkho ikafika agogo amachita mantha, ndipo mtengo womwe amatchula umakhala wotsika kwambiri poyerekeza ndi wa pamsika. Zimandipweteka kuona mayi yemwe anagwira mashifiti ausiku zaka zambiri kuti amalize ngongole ya nyumba akuitaya chifukwa cha bilu yomwe fomu ya masamba awiri ikanaidula pakati. Mafomu onsewa ndi aulere, wina akawauza kuti alipire kuti awalembetsere, amukane.

Loweruka likubwerali khalani nawo pansi ndi kalata ija, chikalata cha nyumba, chiphaso chosonyeza adiresi yawo ndi pepala la ndalama zomwe analandira ku Social Security chaka chatha. Yambani ndi Homestead, kenako ya achikulire ija. Mukakakamira penapake imbani 311 akulozereni ku Department of Revenue, kapena ndilembereni kumbali, tidzaze limodzi.