Filimu imawoloka boda ndi mapepala ake

Achemwali, mwafunsa kuti geni yanga yotenga mafilimu a anthu n'kukawagulitsa kunja imayenda bwanji, komanso ngati filimu yanu yoyamba, yomwe mukuti yatsala pang'ono kutha, ingapeze malo ku zikondwerero za mafilimu ndi ndalama zoimalizira. Ndikuyankhani monga munthu amene ndimasenza katunduyo.

Chimene ndimagulitsa si filimuyo ayi, iyo imakhalabe yanu. Ndimagulitsa chilolezo choionetsa. Wailesi ya kanema ya dziko lina imagula zaka zakutizakuti, kampani ya ndege imagula kuti okwera azionera, wina amagula za pa intaneti zokha. Ndiye kuti filimu imodzi imagulitsidwa kangapo, dziko ndi dziko. Ndalama zikabwera ndimayamba ndachotsa zomwe ndinawononga, kenako gawo langa lomwe tinagwirizana, zotsalazo n'zanu. Apa muzikhala tcheru. Aliyense wokugulitsirani, ngakhale ine amene, alembe m'pangano malire a ndalama zomwe angawononge ndi zaka zomwe adzakhale ndi filimuyo. Apo ayi mudzangomva kuti zonse zinathera matikiti ndi mahotela.

Chikondwerero chachikulu chimakhala ndi khomo ndi kuseri. Pakhomo ndi pamene mumaona pa zithunzi paja, anthu atatchena. Ife timakhala kuseri, kumsika. Ku Berlin mu February kuli European Film Market, ku Cannes mu May kuli Marché du Film, ku Durban kuli Durban FilmMart yomwe inayamba mu 2010, ndipo FESPACO ya ku Ouagadougou m'dziko la Burkina Faso, yomwe inayamba mu 1969 ndipo imachitika pakatha zaka ziwiri zilizonse, ili ndi msika wake wotchedwa MICA. Ndi holo yodzaza timatebulo, ndipo wogula amakupatsa mphindi zowerengeka. Ndimatsegula laputopu, n'kumupatsa mahedifoni kuti aonere kachidutswa ka mphindi ziwiri, ine maso ali pa dzanja lake. Likangoyamba kufufuza foni, ndimadziwa kuti pano palibe malonda. Koma akavula mahedifoni n'kukoka mpando, funso lake loyamba limakhala lomwelomwelo: filimuyi inaonetsedwapo kuti?

Funso limeneli lili ndi ndalama mkati. Zikondwerero zikuluzikulu zimafuna kuti filimu yolowa mu mpikisano waukulu ikayambire kwa iwo kuonetsedwa, ndipo kuyamba kumeneko kumagulitsidwa kamodzi kokha. Mukaiika pa YouTube kuti anzanu akuyamikireni, kapena kuipereka ku kachikondwerero kalikonse komwe kakutumizirani uthenga wokoma, mwatseka nokha makomo angapo. Pa FilmFreeway, tsamba la pa intaneti lolembetserapo mafilimu ku zikondwerero, pali zikondwerero zambirimbiri, zina zenizeni, zina zongodya ndalama zolembetsera n'kukutumizirani kachizindikiro koika pa posita. Yambani ndi zomwe ogula amapitako, mudikire yankho, kenako muzitsika. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndalama yolembetsera ikakukulirani, lembani kalata yaulemu yopempha kuti akuchotsereni; ena amavomera.

Tsopano mapepala, omwe ndi mtima wa ntchito yanga. Ndinanyamulapo filimu ya mnyamata wina, yokoma zedi, yoti ine ndemwe ndinagwetsa misozi poionera. Wogula anaikonda, tinagwirana chanza. Patapita masiku analemba kupempha mndandanda wa nyimbo zonse ndi zilolezo zake. Mu gawo lina wosewera anakhala m'galimoto wailesi ikuimba nyimbo yotchuka, masekondi ochepa chabe, ndipo palibe anapempha chilolezo kwa eni ake. Mtengo womwe eniwo anatchula unaposa womwe wogula ankapereka. Tikanaichotsa nyimboyo, koma mawu a osewera ndi nyimbo anaziphatikiza mu fayilo imodzi, ndipo mafayilo oyambirira anali atatayika. Malonda anafera pomwepo. Mpaka lero zimandiwawa, chifukwa mwana uja anagwira ntchito zaka zitatu.

Choncho filimu yanu isanatuluke m'kompyuta, sonkhanitsani pepala lomwe wolemba nkhani anasaina kuti wakupatsani nkhaniyo, la wosewera aliyense, la woimba, la mwini malo omwe munajambulapo. Sungani padera mawu a osewera, padera nyimbo ndi phokoso lina, popeza wogula wofuna kuikamo chilankhulo cha kwawo adzazifuna zolekanitsa. Mawu olembedwa m'munsi aja, a Chingelezi ndipo ngati n'kotheka a Chifalansa, apatseni odziwa ntchitoyo, osati msuweni woti anangokhoza mayeso. Malo oonetsera ambiri amafuna filimu ili mu DCP, mtundu wa fayilo womwe makina a m'nyumba zoonetsera mafilimu amawerenga, ndiye muikiretu mu bajeti.

Za thandizo la ndalama, lilipo ndithu, koma thumba lililonse lili ndi khomo lake. Hubert Bals Fund ya chikondwerero cha Rotterdam imadziwika pothandiza nkhani ikadali yolembedwa. World Cinema Fund ya ku Berlin, yomwe inayamba mu 2004, imathandiza kujambula, ndipo mumayenera kugwira ntchito ndi kampani yakunja yomwe malamulo ake amalola. IDFA Bertha Fund ya ku Amsterdam ndi ya mafilimu a zochitika zenizeni. Inu poti mwajambula kale, yang'anani Final Cut in Venice, yomwe imathandiza kumaliza mafilimu a ku Africa ndi mayiko ena a Aluya, komanso Atlas Workshops ya ku Marrakech. Werengani malamulo a chaka chimenecho pa tsamba lawo, chifukwa amasintha.

Ambiri samayembekezera kuti thumba limodzi silikwanitsa filimu yonse, ndiponso kuti ndalamazo kawirikawiri zimabwera m'magawo, lomaliza mukapereka ntchito ndi malisiti. Mphoto zina si ndalama zogwira m'manja, ndi masiku a mu situdiyo ya kunja okonzera mawu kapena mtundu wa zithunzi, ndipo muyenera kufunsiratu kuti tikiti ndi pogona alipira ndani. Komabe musaipeputse mphoto yaing'ono. Ine ndikaona dzina la thumba lodziwika pa pepala la filimu, ndimaliwerenga mpaka pansi, ndipo ogula nawonso amatero.

Mukaitanidwa, kalata yokuitanani muitengere ku ofesi ya viza msanga, chifukwa ndaonapo filimu ikuonetsedwa mwini wake akudikirabe pasipoti. Hard drive yosungiramo filimuyo muinyamule m'chikwama cha m'manja, ina yofanana nayo isiyeni kunyumba.

Panopa musanditumizire filimu yonse. Nditumizireni nkhani yake m'ndime imodzi, kachidutswa ka mphindi ziwiri, mndandanda wa nyimbo zonse zomwe zilimo, ndipo mundiuze moona ngati inaonetsedwapo pagulu kwina kulikonse.