Kagalimoto kakang'ono chonchi, zaka 6 zonsezo ankachita chiyani?

Mmodzi wa owerenga athu watilembera pa imelo kuti: "Ndaona zithunzi za Microlino, kagalimoto ka magetsi kolowera kutsogolo. Akuti anakaonetsa mu 2016 koma anayamba kukapanga mu 2022. Chinawachedwetsa n'chiyani?"

Zikomo pofunsa. Kujambula maonekedwe akale n'kosavuta, koma ntchito imakula mukafuna kuti maonekedwewo ayende bwino pamsewu wa lero.

Microlino inatengera maonekedwe a Isetta, galimoto yaing'ono yakale imene kampani ya Iso ya ku Italy inatulutsa mu 1953, kenako BMW n'kumaipanga kuyambira 1955 mpaka 1962. Banja la Ouboter, eni kampani ya Micro ku Switzerland, linaonetsa chitsanzo chake ku Geneva mu 2016. Pa malamulo a ku Ulaya, kagalimotoka kanalowa m'gulu la timagalimoto tating'ono lotchedwa L7e, limene limati mota isapitirire 15 kW ndipo galimoto yonyamula anthu isalemere kuposa 450 kg popanda batire. Choncho chilichonse chimene muwonjezera kuti ilimbe, muyenera kuchotsa china cholemera mofanana.

Vuto limodzi ndi chitseko cha kutsogolocho. Kumaso n'kumene galimoto zina zimakhala zolimba, koma apa pali chibowo choti munthu wamkulu alowepo. Thupi likakhala lofewa limapindika pang'ono pa mabampu. Mukatero chitseko sichikhalanso bwino pamalo ake: labala wa m'mphepete sagwira, madzi amvula amadontha pamapazi, loko amangoti gwedegwede. Mtundu woyamba wa Microlino unali ndi chimango cha mapaipi achitsulo owotcherera. Pa Microlino 2.0, imene anaionetsa mu 2020, anachisiya n'kupanga thupi limodzi la zitsulo ndi aluminiyamu zodinda pamakina. Kudinda kumafuna chikombole pa chidutswa chilichonse, ndipo mukalakwitsa muyezo ndi mamilimita ochepa okha, chikombolecho chiyenera kukonzedwanso. Miyezi imathera pamenepo.

Pa Isetta chiwongolero chinali chomangirira kuchitseko, mukatsegula chinkatuluka nacho limodzi. N'zosangalatsa kuona, koma zimafuna mfundo yopindika pa shafiti, ndipo mfundo ikayamba kutha chiwongolero chimasewera m'manja. Pa 2.0 anachichotsa kuchitseko n'kuchiimika pachokha. Ife tikuona kuti anachita bwino, ngakhale okonda zakale ena anadandaula.

Matayala akumbuyo nawonso anawatalikitsa. Pa Isetta ankayandikana kwambiri, zomwe zinkatheka pa injini ya 250 cc. Mota ya magetsi imapereka mphamvu yake nthawi yomweyo mukangoponda, ndiye kumbuyo kopapatiza kumadzandira pokhota. Anawonjezera mpata wa matayalawo ndi theka poyerekeza ndi mtundu woyamba wa Microlino, ndipo kusintha koteroko kumatanthauza kuyesanso masipuling'i ndi mabuleki kuyambira pachiyambi.

Imene inatuluka ku fakitale ya ku Turin mu 2022, mothandizana ndi kampani ya Cecomp, ndi yotalika mamita 2.5, ya anthu awiri, mota ya pafupifupi 12.5 kW, liwiro lofika 90 km pa ola. Mabatire anali atatu oti musankhe: 6, 10.5 ndi 14 kWh, amene kampaniyo inati amayenda 91, 177 ndi 230 km. Ndiye kuti imadya pafupifupi 6 kWh pa 100 km. Koma werengerani nokha: hita yodya 1 kW ikayaka ola limodzi nthawi yozizira, yatenga gawo limodzi mwa magawo 6 a batire laling'onolo, makilomita ngati 15 apita musanawayende.

Chinanso, gulu la L7e silikakamiza mayeso a ngozi ofanana ndi a galimoto zikuluzikulu, ndipo Microlino inatuluka yopanda ma airbag, matumba a mpweya oteteza anthu pa ngozi. Ndi kagalimoto ka m'tauni, ndipo ngati ulendo wanu wa tsiku ndi tsiku umadutsa mumsewu wothamanga malole, muganize kawiri musanakagule.