Njinga yamoto yokwera awiri, pa tala ndi msewu wamiyala

Achimwene, mwafunsa kuti pakati pa njinga zamoto za Yamaha Ténéré 700 ndi Suzuki V-Strom 650 mutenge iti yoyendera maulendo ataliatali ndi madamu. Ine ndingati V-Strom basi. Ténéré pafumbi ndi dolo, tayala lakutsogolo ndi la mainchesi 21, koma mpando wakumbuyo ndi wopapatiza, pakangotha maola awiri madamu ayamba kukugogodani paphewa kuti taimani kaye. V-Strom tayala lake lakutsogolo ndi la mainchesi 19, pamiyala imapita bwinobwino bola osathamanga, thanki malita 20, ndipo shoko yakumbuyo mumangopotokola ndi dzanja kuti ilimbe mukakweza munthu ndi zikwama, mukaiwala zimenezo kumbuyo kumatsika nyali nkumathobwa anzanu m'maso usiku. Pokayesa mupite nawo madamuwo, akhalepo okha aone.