Amai anu akali mkati, wagwa ndi mlatho chabe

Mlungu watha ndinalandira imelo kuchokera kwa mlongo wina wa ku Katete. Amai ake anagwidwa ndi sitiroko miyezi iwiri yapitayo, dzanja ndi mwendo wakumanja sizigwira ntchito, akumva zonse koma kukamba kwakanika, koma pa Sondo anaimba nyimbo ya ku tchalitchi vesi yonse osaphonya liu. Achibale ayamba kale kunong'onezana kuti woimba koma osakamba ndiye kuti wina anamumanga lilime. Akufunsa kuti mu ubongo mwachitika chiyani.

Mlongo wanga, ndinawerenga imelo yanu ndili pa msika wa Kapata ku Chipata kudikira wa njinga, mpaka ndinaiwala komwe ndimapita. Mwalemba za atate anga.

Atate anali aphunzitsi, munthu wa mau ambiri, oti pa maliro akaimirira anthu amakhala pansi bwinobwino podziwa kuti apa tichedwa. Tsiku lomwe anagwa anali pakhonde akusenda nshawa, lichero linangogubuduka, pakamwa papotokera mbali imodzi. Kuchokera tsiku limenelo anatsala ndi liu limodzi basi: "iyayi". Mukawafunsa ngati afuna tiyi, iyayi, uku dzanja lakumanzere likutambasukira kapu. Mukati atate ndine mwana wanu, iyayi, misozi ili mbwee. Ndipo ife m'malo mothamangira ku chipatala tinataya masiku awiri kwa sing'anga chifukwa amalume anaumirira kuti ndi ufiti wa pa mkangano wa munda, nkhuku inapita, ndalama zinapita, atate anabwerako ndi mphini pachipumi ndi iyayi yemweyo.

Patapita nthawi ndi pomwe ndinawerenga za dokotala wa ku Paris, Paul Broca, amene mu 1861 anali ndi wodwala wotha kunena liu limodzi lokha, "tan", ngakhale kuti ankamva zomwe akuuzidwa. Munthuyo atamwalira, Broca anayang'ana ubongo wake napeza kuti unawonongeka kutsogolo mbali yakumanzere. Ndinaseka ndekha ngati wamisala. Ku Paris nako kunali nkhani ya munda?

Ubongo uli ndi maselo otchedwa manyuroni pafupifupi 86 biliyoni. Iliyonse ili ndi tinthambi tambirimbiri tolandira uthenga ndi mchira umodzi wautali wotumiza. Mu mchiramo uthenga umayenda ngati magetsi, ndipo magetsi ake amachokera ku mchere, sodium kulowa potassium kutuluka, ndipo m'michira yokutidwa bwino ndi mafuta otchedwa myelin liwiro limapitirira mamita 100 pa sekondi imodzi. Koma chomwe chinandidabwitsa ine n'chakuti manyuroni ambiri sagundana. Pakati pamakhala kampata kakang'ono koti tsitsi lanu ndi chimtengo, amati synapse. Magetsi akafika pamenepo amaima, nyuroni imalavula timankhwala, timankhwalato tiwoloka ngati bwato pa Luangwa n'kukagogoda tsidya linalo. Mankhwala ena monga glutamate amati "dzuka", ena monga GABA amati "khala chete". Kachasu amalimbikitsa GABA ameneyu, komanso amasokoneza cerebellum, kaubongo kakumbuyo pamwamba pa khosi kamene kamasunga balansi, n'chifukwa chake woledzera njira yowongoka amaiyenda ngati njoka. Khunyu nalo ndi magetsi omwewa, manyuroni ambiri kuyaka nthawi imodzi mosalamulirika, osati ziwanda.

Ntchito mu ubongo ndi zogawana. Kumbuyo kwenikweni ndi koona, maso amangotenga chithunzi. M'mbali pafupi ndi makutu ndi komva, ndipo chakumeneko kumanzere kuli malo omwe Carl Wernicke anafotokoza mu 1874, omvetsa tanthauzo la mau. Akawonongeka amenewo munthu amakamba kwambiri koma zosamveka mutu wake. Mkati muli hippocampus yosunga zatsopano zomwe mwakumana nazo. Kutsogolo pachipumi ndi kokonza mapulani ndi kudziletsa. Pansi, polumikizana ndi msana, ndi poyendetsa kupuma. Ndiye mawaya oyendetsa thupi amapingasana, mbali yakumanzere ya ubongo imalamulira dzanja ndi mwendo wakumanja, ndipo kwa anthu ambiri chilankhulo chimakhalanso kumanzere komweko. Mwaona? Dzanja lamanja ndi mau a amai anu zinapita limodzi chifukwa ndi anansi, mtsempha wa magazi wodyetsa dera limenelo unatsekeka kapena kuphulika, ndipo nyuroni ikasowa magazi imayamba kufa m'mphindi zochepa. Nyimbo yomwe munthu waimba zaka makumi anayi imadalira kwambiri njira zina, mbali yakumanja imathandizapo, ndiye imatuluka bwinobwino. Mlatho wa Luangwa utagwa lero, Chipata ikadalipo, Lusaka ikadalipo, katundu ndiye sadutsa.

Apa ndiye pomwe ndimapsa mtima mpaka lero. Sing'anga ndinamukhululukira, amalumenso, anachita zomwe amadziwa. Amene sindinawakhululukire ndi anthu obwera kudzazonda odwala n'kukhala pampando pafupi ndi bedi kuyamba kukambirana za ng'ombe ndi munda, ndani adzatenga chiyani, mwiniwake ali pomwepo maso ali tong'o akumva liu lililonse. Ena amawakuwira m'khutu ngati ogontha, ena kuwanyengerera ngati khanda, "idyani phala ambuya, aaa mwachita bwino", munthu woti anaphunzitsa theka la mudzi kuwerenga. Imeneyo ndi nkhanza, kaya mwabwera ndi shuga ndi buledi. Tsiku lina atate anatenga ndodo ndi dzanja lakumanzere n'kumenya pansi katatu, chipinda chonse zii. Amai anangoti, "Mwamva, akuti muzipita." Anthu anatuluka mmodzimmodzi.

Ndipo atate nawonso anaimba. Madzulo ena malaiti atapita amai anayamba nyimbo yakale ya ku mishoni ya Madzimoyo pang'onopang'ono ali kukhitchini, tinangomva besi ikuchokera kuchipinda, mau onse ali m'malo mwake. Mlongo wanga wamng'ono anagwetsa kandulo.

Nanga muchite chiyani?

Manyuroni omwe anafa sabwerera, koma otsala amatha kupanga njira zatsopano akamagwiritsidwa ntchito mobwerezabwereza, ndipo miyezi yoyambirira ndi yomwe kusintha kumakhala kwakukulu, ndiye musadikire. Funsani za physio, masewero ophunzitsanso ziwalo kugwira ntchito, ku chipatala cha St Francis kapena cha Chipata Central. Mankhwala a BP asadumphe tsiku. Afunseni mafunso oti ayankhe ndi mutu kapena kuloza, apatseni nthawi, musawamalizire mau. Imbani nawo tsiku lililonse, kenako yesani kuika timau ta tsiku ndi tsiku mu nyimbo, "ndifuna madzi", "ndamva njala". Mukadzaona pakamwa papotokanso kapena dzanja lina lafooka, ku chipatala ola lomwelo.

Atate patatha chaka chimodzi ndi miyezi ingapo ankatha kunena mau okwana mwina makumi awiri. Dzina langa silinabwereko. Ankandiitana "iwe", kenako "tiyi".