Musaiphwasule yonse, chonde: yankho kwa amene akufuna kugula Peugeot 504 yakale

Sabata yatha ndinalandira imelo imene yandisowetsa mtendere. Amene analemba akuti apeza Peugeot 504 ya petulo, yazitseko zinayi, imene yakhala pansi pa mtengo zaka zambiri osayenda, ndipo mwini wake akuigulitsa motchipa. Malemu bambo awo anali ndi yonga yomweyo. Funso lawo ndi ili: "Ndiigule, ndiiphwasule yonse mpaka bawuti yomaliza, kenako ndiziimanga pang'onopang'ono Loweruka lililonse? Sindine makaniko, koma mtima ulipo."

Achimwene, mtimawo ndikuudziwa bwino. Koma mawu akuti "ndiiphwasule yonse" ndi amene andilasa, chifukwa ndinawamvapo kale kuchokera pakamwa pa munthu amene ndinkamukonda kwambiri.

Malume anga anali ndi Peugeot 404 yoyera, ya giya ya pachiwongolero. Masipanala ndinawadziwira pa galimoto imeneyo. Iwo atagona pansi pake ankangotambasula dzanja n'kunena nambala, ine n'kuthamanga. Ndipo inkayenda. Ichi ndicho chimandiwawa mpaka lero: inkayenda. Oyilo inkadya ndithu, chitseko chimodzi chakumbuyo chinkafuna kuchigunda ndi phewa kuti chitseke, ndipo pamene woyendetsa amaponda panali kabowo koti ukatukula kapeti umaona msewu ukuthamanga pansi. Koma m'mawa akailiza inkalira, ndipo kulikonse kumene banja linkafuna kupita inkatifikitsa.

Atapuma pantchito, malume anati nthawi ija yapezeka tsopano, aikonza yonse ikhale ngati yochokera kufakitale. Masabata oyamba anali achisangalalo chokhachokha. Kuphwasula n'kokoma, ndipo sikufuna ndalama. Zitseko zinatsika, mipando inakalowa m'chipinda, injini inakwezedwa ndi tcheni n'kukhazikidwa pa tayala lakutha, mawaya onse anasololedwa n'kukulungidwa m'thumba. Mabawuti anawagawa m'zitini za penti, chitini chilichonse ndi kapepala kake kolembedwa ndi pensulo: "chitseko chamanja", "boneti", "giyabokosi". Anali munthu wadongosolo, musaganize kuti anali wosasamala.

Kenako inakwana nthawi yomanga, ndipo kumanga ndiko kumadya ndalama. Owotcherera anatchula mtengo wawo, openta wawo, wosoka mipando wake, onse nthawi imodzi, pamene galimoto siyenda ngakhale kukafika pageti kuti ikulimbitse mtima. Chaka chinatha, china chinatha. Chinyezi chinafufuta timapepala tija. Makoswe anamanga m'mipando. Masilinda a injini, amene anasiyidwa osavundikira bwino, anachita dzimbiri mpaka mapisitoni anakakamira. Madzulo malume ankakokera mpando pafupi ndi chiphaphacho n'kumandiuza kuti chaka chamawa tiyambira mabuleki. Maso awo anayamba kufooka, manja anayamba kunjenjemera, ndipo atamwalira zonse zija zinapita kwa ogula zitsulo, pasikelo. Tsiku limene ankazikweza m'lole ndinalephera kuyang'ana.

Muganizire kuti iyi inali 404. Inatuluka mu 1960, ku France anasiya kuipanga mu 1975, koma ku Kenya anapitiriza kuimanga mpaka 1991 chifukwa anthu ankaifunabe. Inapambana mpikisano woopsa uja wa East African Safari mu 1963, 1966, 1967 ndi 1968, m'matope ndi m'miyala momwe galimoto zina zinkathyoka miyendo. Misewu inailephera. Ya malume inafera pabwalo, m'zitini.

504 imene mwaionayo ndi mng'ono wake. Inatuluka mu 1968, maonekedwe ake anajambulidwa ndi a Pininfarina a ku Italy, ndipo mu 1969 inasankhidwa kukhala galimoto yapamwamba ya chakacho ku Ulaya. Nayo inapambana Safari mu 1975, ikuyendetsedwa ndi Ove Andersson. Zinapangidwa zoposa 3 miliyoni, ndipo ku Kenya ndi ku Nigeria anazimangabe mpaka m'zaka za m'ma 2000. Izi n'zabwino kwa inu, chifukwa masipeya a injini, mabuleki ndi miyendo sasowa ngati mmene amasowera a galimoto zina za msinkhu wake. Sindikukuletsani 504. Ndi galimoto yofewa pamsewu, ya mipando yoti ukakhalapo sufuna kutsika, ndipo amakaniko achikulire ambiri amaidziwa ngati chikhatho cha dzanja lawo.

Chimene chikundidetsa nkhawa ndi mtengo uja yakhala pansi pakewo. 504 yazitseko zinayi ilibe chasisi chapadera. Land Rover yakale kapena Land Cruiser ya 40 ili ndi chasisi chachitsulo chimene bodi imangokhalapo, ndipo ngakhale Volkswagen Beetle mutha kumasula bodi n'kuinyamula kuisiyanitsa ndi pansi pake. 504 ayi. Bodi yomweyo ndiyo mafupa ake: miyendo yakutsogolo, yakumbuyo ndi injini zonse zimagwira pa malata omwewo. Tsono galimoto ikakhala pansi pa mtengo, masamba amagwera m'ngalande ya m'munsi mwa galasi lakutsogolo, amawolera momwemo n'kutseka timabowo totulutsa madzi. Mvula ikagwa madzi amasowa kolowera, amatsikira m'kati, kapeti n'kuwamwa. Udzu wa pansi nawo umasunga chinyezi. Dzimbiri limayambira m'kati kutulukira kunja, ndipo pamene mukuona katuza pa penti, kuseri kwake chitsulo chinatha kale.

Injini yakufa imadzuka. Giyabokosi imasinthidwa masana amodzi. Bodi yowola ndi imene imathetsa ndalama ndi mtima, chifukwa wowotcherera waluso, woti adule chitsulo chowola n'kuumba china chofanana nacho, ndi wosowa ndipo satchipa.

Ndikulankhula izi ndili ndi chilonda changa. Ine ndili ndi Mercedes 240D, ija ya W123 imene inapangidwa kuyambira 1976 mpaka 1986, injini ya dizilo yosathamanga koma yosatopa. Pamene pamalowa jeke pambali pake panayamba kutupa, ndipo ndinaipereka kwa munthu wina wa zowongola ndi kupenta amene anandilonjeza kuti adula n'kuikapo chitsulo chatsopano. Inabwera ikunyezimira, mpaka ndinamuthokoza ndi manja awiri. Mvula itadutsa, penti inang'ambika pamalo omwewo. Ndinatenga kamaginito n'kukayendetsa m'mbali mwa galimoto: pachitseko kankamata, pamalo okonzedwawo kanagwa pansi. Nditakanda ndi sikuludiraiva panatuluka fumbi loyera la fila, phala lija amamata pamalata pobisa zibowo, lochindikala ngati chala, pansi pake pali kansefa ka waya ndi dzimbiri lomwe lija, tsopano litafalikira. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Chimene chinandipweteka koposa ndalama n'choti pamenepo ndi pamene jeke imanyamula galimoto yonse. Ikanaphwanyika munthu ali pansi, bwenzi tikunena zina.

Galimotoyo ndinaikonzetsa kwina, mbali imodzi chaka chimenecho, inayo chaka chotsatira, ndipo nthawi yonseyi inkayenda. Apa ndi pamene ndaima, ndipo sindisuntha: galimoto yakale imene ikuyenda isaimitsidwe kuti ikonzedwe yonse nthawi imodzi, pokhapokha ngati muli ndi galaja yofolera bwino, ndalama zonse zili kale m'manja, ndipo munamalizapo ina. Munthu woyamba kumene akonze chinthu chimodzi, amange, ayendetse, kenako china.

Ndipo ndili ndi mawu ndi makanema a pa YouTube, chifukwa ndikukhulupirira kuti ndi amene akudzaza mabwalo a anthu ndi ziphapha. Mumaona galimoto ikukokedwa m'tchire, nyimbo ikulira, mphindi makumi awiri zisanathe yatuluka ikuwala. Sakuonetsani kuti pali gulu la anthu, makina onyamulira, chipinda chopentera, ndi ndalama zimene kanemayo akubweretsa. Sakuonetsani Loweruka lathunthu lothera pa bawuti imodzi imene yadukira m'kati mwa injini. Munthu amaonera usiku, m'mawa n'kudzuka ndi sipanala m'manja.

Enanso amene amandikwiyitsa ndi aja amaima pambali pa galimoto ya mnzawo n'kumaloza kuti chiwongolero si chake, penti si mtundu wa chaka chimenecho, magetsi ndi a galimoto ina. Zimafooketsa anthu atsopano, ndipo zimawakankhira ku maganizo omwewa oti galimoto ikhale yangwiro kapena isatuluke n'komwe. Ine galimoto ya penti yofwifwa imene mwini wake amaiyendetsa sabata iliyonse ndimailemekeza kuposa yonyezimira imene imangokhala yofunditsidwa. Ngati kuchotsa mapointi, tizitsulo tija timatsegula ndi kutseka magetsi kuti mapulagi athethetse moto, n'kuikamo igineshoni yamakono kukuchititsani kuti muziiliza osaopa, chitani. Ngati mulibe malamba, ikani. Lamba wa mbali zitatu amene tonse timamanga lero anayambira ku Volvo mu 1959, ndipo palibe chifukwa choti ana anu akhale kumbuyo opanda lamba pofuna kusangalatsa anthu oloza zala.

Petulo nayenso anasintha, ndisaiwale. Galimoto izi zinapangidwa nthawi ya petulo wokhala ndi mtovu, amene dziko lomaliza, Algeria, linasiya kugulitsa mu 2021. Injini za mutu wachitsulo, monga ya Morris Minor, zimadyeka pokhalira mavalavu ngati sizinaikidwe zokhalira zolimba. Ndipo petulo wambiri lero ndi wosakaniza ndi ethanol, amene amaumitsa ndi kung'amba mapaipi akale a labala komanso amakoka madzi akakhalitsa m'thanki. Paipi yong'ambika pamwamba pa injini yotentha ndi moto. Zasokoneza anthu ambiri amene anathera ndalama pa penti n'kusiya kapaipi kotchipa.

Pali chinanso chimene simunafunse koma ndichinena. Mwatchula bambo anu. Galimoto iyi si yawo, ndipo ngakhale mutaipenta mtundu womwewo sidzakhala yawo. Chimene mukuchisowa, ndikuganiza, ndi kulira kwa injini ija, fungo la mipando itatenthedwa ndi dzuwa, mmene inkayendamira pokhota iwo atagwira chiwongolero ndi dzanja limodzi. Zonsezi zimapezeka galimoto ikuyenda basi. Muzitini mulibe. Ndipo kambiranani ndi akunyumba kwanu musanapereke ndalama, muwauze zoona: mtengo wogulira ndi kachigawo kakang'ono ka zimene idzadye.

Mukapita kukaiona

Valani zovala zoti zide, tengani tochi, kamaginito, sikuludiraiva ndi makaniko wachikulire amene si mnzake wa wogulitsa. Yambani pansi. Tukulani makapeti onse, chotsani tayala la sipeya, bayani m'munsi mwa zitseko, pansi pa buti, pamene mashoko akutsogolo amagwira m'kati mwa boneti, ndi pamene miyendo yakumbuyo imamangidwira kubodi. Sikuludiraiva ikalowa pamalo ogwira miyendo, thokozani mwini wake n'kubwerera.

Injini musailize ndi batire tsiku limenelo, ngakhale wogulitsa akakamire. Chotsani mapulagi, thirani oyilo pang'ono m'silinda iliyonse, muiyese kuizunguza ndi sipanala pa pule yakutsogolo. Ikazungulira, pali chiyembekezo. Onani oyilo: akakhala woyererako ngati wasakanizika ndi madzi, dziwani kuti injini ya 504 ili ndi masilivu, mapaipi achitsulo momwe mapisitoni amayendamo, ochotseka amene amakhala m'madzi, ndipo zotsekera zake zapansi zikatha madzi amatsikira mu oyilo. N'chifukwa chakenso munthu wosaidziwa asachotse mutu wa injini n'kuizunguza masilivu asanawapanikize, amasuntha, ntchito n'kukula. Mutuwo ndi wa aluminiyamu, ndipo madzi wamba okhalitsa amaudya.

Nambala ya pabodi ndi ya pa injini zifanane ndi za pamapepala, ndipo wogulitsa akhale mwini wake weniweni kapena wololedwa ndi banja. Popanda mapepala musapereke kalikonse.

Yankho langa ndi ili. Ngati bodi ili yolimba, injini ikuzungulira ndipo mapepala alipo, igulani, muinyamule pa lole, osaikoka ndi chingwe chifukwa mabuleki ake simukuwadziwa. Tsukani thanki, sinthani mapaipi onse a petulo, tsukani kabuleta, oyilo ndi madzi zatsopano. Kenako mabuleki onse, mapaipi a labala ndi mafuta ake, amene amamwa chinyezi ndipo amayenera kusinthidwa zaka ziwiri zilizonse. Matayala onani manambala anayi a m'mbali, awiri oyamba ndi sabata, awiri omaliza ndi chaka chimene linapangidwa; akale atayeni ngakhale mano akuoneka atsopano. Ikafika apa yendetsani miyezi ingapo, idzakuuzani yokha chotsatira. Penti ndi yomaliza. Chimodzi mwa zitatu zija chikalephera, isiyeni, sungani ndalamayo muonjezere, mufune 504 ina imene ikuyenda kale, ngakhale yodula kuposa iyi.

Mukapita, jambulani pansi pake, m'buti kapeti atachotsedwa, ndi m'kati mwa boneti mbali zonse ziwiri pamene pagwira mashoko, munditumizire. Ndiziona ndi mtima wonse ndipo ndikuuzani mosabisa zimene ndikuonapo.