Kodi ndalama zingamusunge mtsikana pasukulu?

Mayi wina wa m'gulu la amayi oyang'anira atsikana pasukulu ya kwawo wanditumizira imelo. Akuti pamsonkhano wa makolo panabuka mkangano. Ena ankafuna kuti bungwe lomwe likubwera m'dera lawo lizipatsa atsikana ndalama mwezi ndi mwezi kuti asasiye sukulu, pomwe ena ankati ndalamazo zithera mesh ndi mayunitsi, komanso mwana akazolowera ndalama samvanso makolo. Akufunsa ngati alipo amene anafufuzapo nkhaniyi, kapena aliyense akungolankhula zam'mutu mwake.

Alipo mayi, ndipo anafufuzira konkuno. M'zaka za 2008 ndi 2009, akatswiri ofufuza atatu, Sarah Baird, Craig McIntosh ndi Berk Özler anachita kafukufuku m'boma la Zomba pakati pa atsikana osakwatiwa oposa 3,000, a zaka 13 mpaka 22. Madera 176 anawagawa mwa maere. Kwina atsikana sankalandira kanthu. Kwina ankalandira pokhapokha ngati afika kusukulu masiku 80 pa 100 aliwonse. Kwinanso ankangolandira popanda lamulo lililonse. Ndalama zake zinali zochepa: kholo linkalandira madola 4 mpaka 10 pamwezi, mtsikana mwiniwake dola 1 mpaka 5. Maerewo ndi amene amapatsa kafukufukuyu mphamvu, chifukwa palibe anganene kuti anasankha ana anzeru okhaokha kapena midzi ya pafupi ndi msewu.

Pa za sukulu, ndalama ya lamulo ndiyo inapambana. Atsikana ake sanasiye sukulu ambiri, ndipo anakhoza bwinoko mayeso owerenga Chingerezi. Ndalama yopanda lamulo inathandizanso, koma mphamvu yake sinafike ndi theka lomwe.

Mkatapire kumsonkhano zomwe zinachitika pa ukwati ndi mimba, chifukwa apa zinthu zinatembenuka. Amene anapindula ndi aja ongolandira popanda lamulo: maukwati anatsika ndi 44 peresenti, mimba ndi 27 peresenti poyerekeza ndi osalandira kanthu. Ofufuza atayang'anitsitsa anapeza kuti kusiyana konseku kunali pa atsikana amene anasiya sukulu. Taganizani. Mtsikana wa m'gulu la lamulo akalephera kupita kusukulu, mwina mayi ake adwala kapena mayeso amukanika, ndalama imaduka nthawi yomweyo, ndipo pakhomo payamba kumveka mawu akuti nanga ukudikira chiyani. Mnzake wa gulu lina uja, sukulu wasiya inde, koma kumapeto kwa mwezi akubweretsabe kenakake. Makolo sathamangira kumukwatitsa. Lamulo lija limagwira bwino mwana amene anali kale chilili, koma wogwa limamusiya pomwe wagwerapo.

A mesh aja ndikuwamvetsa, koma tisanamizane. Sopo, mafuta odzola ndi kabudula wamkati ndi zomwezo zimene zidyamakanda zimakopera ana athu. Zotsatira zomwe zinatuluka m'magazini ya zachipatala ya The Lancet mu 2012 zinasonyeza kuti mwa atsikana apasukulu olandira ndalama, 1.2 peresenti anapezeka ndi HIV, pomwe mwa osalandira anali 3 peresenti. Olandirawo sankapezeka kwambiri ndi zibwenzi za amuna a zaka 25 kupita m'tsogolo. Chenjezo ndi lakuti atsikanawa sanayezedwe magazi pachiyambi, kotero nambalazi tisazinyamule ngati Uthenga Wabwino. Komabe zoti ndalama inawalowetsa m'chiwerewere sizinaoneke.

Amabungwe ambiri amalekera pamenepa pofotokoza. Ofufuza aja anabwereranso patatha zaka zoposa ziwiri ndalama itasiya, ndipo anapeza kuti phindu lambiri linali litazilala. Aja opanda lamulo anakwatiwa ndi kubereka motsatizana ndalama itangoduka, mpaka anafanana ndi anzawo. Kusiyana kwa HIV nakonso kunatha. Zinatsala ndi ziwiri. Ana obadwa kwa atsikana a gulu lopanda lamulo nthawi imene ndalama inkabwera anali otalikirapo pa msinkhu wawo, chizindikiro chakuti ankadya bwino. Ndipo atsikana amene anali atasiya kale sukulu kafukufuku asanayambe, nkubwerera chifukwa cha ndalama ya lamulo, anaphunzira motalikirapo, anachedwa kukwatiwa, ndipo anali ndi ana ochepa. Koma ngakhale iwowa sankapeza ndalama zambiri kuposa anzawo. Sukulu anapita, ntchito kunalibe, ndipo vuto limenelo si la mtsikana.

Ine ndikanakhala pamsonkhano wanuwo, ndikanavomera ndalamazo. Boma lenilenilo limapereka Mtukula Pakhomo popanda lamulo lotere kuyambira pomwe inayambira ku Mchinji mu 2006. Koma a bungwewo musawalole kuchoka musanawafunse kuti adzapereka kwa zaka zingati, chifukwa zaka ziwiri pa mwana wa Sitandade 7 zimathera pomwe sekondale ikuyambira. Muwafunsenso kuti mtsikana akajomba mwezi wathunthu, kapena akatenga mimba, adzamudula kapena adzamutsatira kunyumba. Ngati ayankha kuti adzamudula, muwauze za ku Zomba, ndipo mupemphe kuti gawo lina la ndalamayo lizifika ndithu ngakhale dzina lake lachoka m'rejisitala.