Funsani Azakhali: Ndikaonenji kuchipululu cha ku New Mexico?

FUNSO

Azakhali, ndine mayi wa ku Ngabu ndipo ndinapuma ntchito yauphunzitsi. Mwana wanga amagwira ntchito ku Albuquerque, ku America, ndiye wandiitana kuti ndikacheze. Akuti adzanditengera kuchipululu kumene mayi wina wotchuka, Georgia O'Keeffe, ankajambulako zithunzi. Ine dzuwa ndakula nalo konkuno. Zoona ndikwere ndege ulendo wonsewo kukaona nthaka youma? Nanga ndikonzekere bwanji?

Mayi wa ku Ngabu

YANKHO

Amayi, pitani ndithu. Koma musanyamuke ndi mtima woti dzuwa la ku Ngabu linakukhwimitsani kale. Chigwa chathuchi n'chotsika, ku Nsanje sikufika n'komwe mamita 100 kuchokera pamlingo wa nyanja yamchere. Uko n'kokwera: mzinda wa Santa Fe uli pamwamba mamita oposa 2,000. Thukuta limauma musanalione, milomo imang'ambika, ndipo kachitunda kakang'ono kokha kamakuchititsani wefuwefu. Dzuwa likangolowa kumazizira, ndipo mu Disembala ndi Januwale kumagwa chipale chofewa. Tengani juzi, chipewa ndi Vaseline, ndipo madzi muzimwa ludzu lisanakugwireni. Ngati muli pa mankhwala a BP, kaonaneni kaye ndi adokotala.

O'Keeffe anabadwa mu 1887 ku Wisconsin, ndipo anatchukira ku New York. Kujambula kwake kunali kwa penti ndi bulashi, osati kamera. Mu 1929 anakakhala miyezi ingapo ku New Mexico, basi mtima unatsala komweko. Pamalo otchedwa Ghost Ranch anafikapo mu 1934, mu 1940 n'kugulapo nyumba. Ina, yomwe inali bwinja, anaigula mu 1945 m'mudzi wa Abiquiú. Mwamuna wake Alfred Stieglitz atamwalira, anasamukiratu mu 1949. Anamwalira mu 1986 ali ndi zaka 98.

Muuzeni mwanayo ayambe wakulowetsani m'nyumba yosungira zithunzi zake ku Santa Fe, yomwe inatsegulidwa mu 1997, kenaka mupite ku Ghost Ranch, mtunda wa makilomita pafupifupi 100. Amene amayambira kumapiriko amangoti eee, kukongola, n'kujambula pafoni, n'kubwerera. Mukayamba mwaona zithunzizo, mumafika mukudziwa chofunafuna. Ine nditaona mapiri ofiira pazithunzi zake ndinkati mayiyu anachita kuwonjeza penti. Ayi ndithu. Zipupa za miyalazo zili m'mizeremizere: pansi pofiira, pakati poyera ndi pachikasu, pamwamba potuwa. Patsinde pali timapiri tadazi, topanda ngakhale kaudzu, tokhala ndi makwinya amene madzi amvula anakumba. Mupite m'mamawa kapena chakumadzulo, chifukwa masana mitunduyo imafwifwa. Iye ankajambulira m'galimoto yake ya Ford, dzuwa likanyanya n'kulowa kunsi kwake kukapeza mthunzi.

Chakummwera mudzaona phiri lathyathyathya pamwamba, lotalika pafupifupi mamita 3,000 kuchokera pamlingo wa nyanja yamchere, dzina lake Pedernal. Analijambula kambirimbiri, ndipo atamwalira phulusa la thupi lake anakaliwaza pamwamba pake. Izi si zakwathu, koma musakaime pamenepo n'kumapukusa mutu pamaso pa eni dziko.

Chimene ndikufuna mukaone bwino, inu a ku Ngabu kwa ng'ombe, ndi mafupa. Mwadutsapo zigaza zingati za ng'ombe chaka cha chilala? Mayiyu ankazitola, zina n'kuzitumiza ku New York. Mu 1931 anajambula chigaza cha ng'ombe pakati pa mitundu yofiira, yoyera ndi yabuluu, mng'alu uliwonse wa pamphuno ukuoneka. Patapita zaka anayamba kunyamula fupa la m'chiuno, kulilozetsa kumwamba, n'kumajambula thambo kudzera pabowo lake. Fupa loyera mbee kuzungulira, pakati buluu yekhayekha. Kwa ine zimenezi zimaposa zithunzi zake za maluwa, ngakhale chithunzi chake cha duwa loyera ndicho chinagulidwa madola 44.4 miliyoni mu 2014.

Pena sindigwirizana naye. M'zithunzi zake za kumeneko simupezamo anthu, ngati dzikolo linalibe eni. Chonsecho anthu a mtundu wa Tewa ndi alimi olankhula Chisipanishi akhala m'chigwa cha mtsinje wa Chama zaka mazanamazana, akuthirira minda ndi ngalande. Dimba la nyumba yake ya ku Abiquiú linkamwa madzi a ngalande za m'mudzimo. Mukafuna kulowa m'nyumbayo, mwana wanu asungitsiretu malo, salola kungotulukira. Ndipo ngati muli a CCAP mudzamva ngati kwanu: kuyambira 1955 Ghost Ranch ili m'manja mwa mpingo wa Presbyterian. Pamalo omwewo mu 1947 anafukulapo mafupa ambiri a nyama yamakedzana yotchedwa Coelophysis, ndipo pali kanyumba koonetsera zimenezi.

Chimodzi chokha chimene kwathu kunakuphunzitsani kale ndi makhwawa. Mu Julaye ndi Ogasiti mvula yamabingu imagwa masana kumapiri, madzi n'kutsika mwadzidzidzi mumchenga wouma, monga muja uchitira mtsinje wa Mwanza. Mukaona mitambo yadera kumtunda, tulukani m'khwawa. Kulinso njoka zaululu zomwe zimachita phokoso ndi mchira, ndiye mapatapata atsale kunyumba kwa mwana wanu, inu muvale nsapato zotseka.

Azakhali